Mpanda Wofanana, Munda Wosiyana

Pa zojambula zonse za mbali zinayi zimene mwana wa sekondale amakumana nazo, rhombus ndi imene imanamiza maso kwambiri. Sikweya aliyense amaidziwa kuchokera ku pulayimale. Rekitango timaiona tsiku lililonse, pachitseko, pabolodi, pachikuto cha kope. Koma rhombus imaoneka ngati sikweya imene wina waikankha n'kupendekeka, ndipo poti mbali zake zinayi n'zofanana kutalika, mtima umathamangira kuganiza kuti malamulo onse a sikweya agwiranso ntchito pamenepa. Ena amagwira, ena ayi. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikudziwa kuti posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa ana okonzekera mayeso a MSCE, choko chili m'manja, ndipo ana amenewo adzatifunsa chifukwa chake. Yankho loti "basi ndi mmene buku likunenera" silidzatipulumutsa, makamaka kwa mwana wochenjera wa pabenchi yakumbuyo amene amadikira kuti aone ngati aphunzitsi achilendowa akudziwadi kanthu.

Tatenga mutu umenewu kuti tiulingalire pamaso pa anzathu ndi makolo amene amawerenga magazini ino. Amene masamu anawasiya kalekale asathawe. Pakufunika pensulo, pepala la magalafu kapena tsamba la kope lojambulapo timabokosi, ndi kuleza mtima kwa mphindi zochepa.

Chiyambi chake n'chakuti dontho lililonse papepala lingathe kupatsidwa dzina la manambala awiri. Timajambula mzere wogona, umene timautcha x, ndi wina woimirira, umene timautcha y, n'kuikumanitsa pa 0. Tikalemba (4, 5) tikutanthauza kuti yendani masitepe anayi kumanja, kenako mukwere asanu. Aliyense amene anaphunzira jogalafe anachitapo zimenezi pamapu a 1:50,000, pofufuza mudzi kapena phiri ndi manambala a m'mbali mwa mapu aja, kuyamba ndi opita kum'mawa kenako opita kumpoto. Ku sekondale ya mpingo kumene tinaphunzira, phunziro la mapu ndi la masamu ankaphunzitsa aphunzitsi osiyana pa nthawi zosiyana, koma mfundo yake ndi imodzi, ndipo tikuganiza kuti mphunzitsi wa masamu amene amalowa m'kalasi atanyamula mapu wayamba bwino kuposa amene wayamba ndi kulemba fomula.

Nzeru yogwirizanitsa manambala ndi zojambula imeneyi imadziwika ndi dzina la René Descartes, Mfalansa wobadwa mu 1596, amene anasindikiza La Géométrie mu 1637 ngati gawo lowonjezera pa buku lake la nzeru zakuya. Mfalansa mnzake, Pierre de Fermat, amene ntchito yake inali yazamalamulo, anafikanso pa maganizo omwewo payekha m'zaka zomwezo. Asanabwere iwowa, munthu wofuna kutsimikizira kanthu pa chojambula ankayenda njira ya Euclid wa ku Alexandria, amene anakhalapo cha m'ma 300 BC: kujambula mizere yothandizira, kufufuza mathirayango ofanana, ndi kulumikiza mfundo imodzi ndi inzake mpaka zitakwana. Njira imeneyo ndi yokongola, koma imafuna diso lakuthwa loona mzere umene sunajambulidwe. Njira ya manambala imapatsa mwayi ngakhale mwana amene diso lotero alibe, bola adziwe kuchotsera ndi kuchulukitsa. N'chifukwa chake timaikonda. Sisankha mwana.

Tiyeni titenge madontho anayi: A (1, 1), B (4, 5), C (9, 5) ndi D (6, 1). Alembeni papepala n'kuwalumikiza motsatana, kuchoka pa A kupita pa B, pa C, pa D, n'kubwerera pa A. Chimene chatuluka chikuoneka ngati rhombus, koma maso si umboni m'masamu. Tiyenera kuyeza mbali zonse, ndipo rula tiiika pambali.

Kuchoka pa A kupita pa B tayenda masitepe 3 kumanja, poti 4 − 1 ndi 3, ndipo takwera masitepe 4, poti 5 − 1 ndi 4. Masitepe ogona ndi okwera amenewa akupanga thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, ndipo mzere wa AB ndiyo mbali yake yaitali. Apa ndi pamene lamulo la Pythagoras limalowera: 3 × 3 ndi 9, 4 × 4 ndi 16, kuphatikiza ndi 25, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 25 ndi 5. Choncho AB ndi 5. Fomula yaitali ija imene ana amaiopa, ya x₂ − x₁ ndi y₂ − y₁ pansi pa chizindikiro cha square root, ilibe chinsinsi china chilichonse kupatula thirayango imeneyi. Mwana amene wajambula thirayangoyo ndi dzanja lake kawiri katatu safunikanso kuloweza fomula, amatha kuipanga yekha ali m'chipinda cha mayeso.

Mbali zinazo n'zosavuta. BC ndi yogona, kuchoka pa 4 kufika pa 9, ndiye kuti 5. Kuchoka pa C kupita pa D tabwerera 3 n'kutsika 4, ndiye kuti 5 kachiwiri, ndipo chizindikiro chochotsera sichivuta chifukwa −3 × −3 ndi 9 yemweyo. DA ndi yogona, kuchoka pa 6 kufika pa 1, ndiye 5. Mbali zinayi zofanana, kotero ndi rhombus ndithu, ndipo kuzungulira kwake konse ndi 20.

Tsopano funso limene limagwetsa ana ambiri: malo a mkati mwake, amene m'kalasi timati area, ndi aakulu bwanji? Dzanja limafuna kulemba 5 × 5, yankho 25, n'kudula mzere pansi. Yankho limenelo ndi la sikweya. Rhombus yathuyi yapendekeka, ndipo chilichonse chimene chapendekeka chimafupika msinkhu. Tsinde lake, AD, ndi 5, koma msinkhu wake ndi mtunda woongoka kuchoka pa mzere wapansi, pamene y ndi 1, kufika pa mzere wapamwamba, pamene y ndi 5. Umenewo ndi 4. Choncho area ndi 5 × 4, ndiye kuti 20. Amene akukayika awerenge timabokosi ta papepala lake, kuphatikiza tathunthu ndi todukaduka, apeza 20.

Pali njira yachiwiri, ndipo ndi imene ili mtima wa phunziro lonse. Rhombus ili ndi mizere iwiri yodutsa mkati, kuchoka pangodya ina kupita pangodya yoyang'anizana nayo, imene timaitcha ma diagonal. Tiyeze AC: masitepe 8 kumanja, 4 kukwera. 64 kuphatikiza 16 ndi 80, kotero AC ndi √80. BD nayo: masitepe 2 kumanja, 4 kutsika. 4 kuphatikiza 16 ndi 20, kotero BD ndi √20. Lamulo limati area ya rhombus ndi theka la zimene timapeza tikachulukitsa ma diagonal awiriwo. √80 × √20 ndi √1600, imene ndi 40 ndendende, ndipo theka lake ndi 20. Njira ziwiri zosiyana zakumana pa yankho limodzi. Sitikudziwa kuti ena amamva bwanji, koma ife zikakumana choncho timamva ngati wobwerera kumudzi usiku amene waona moto wa pakhomo pawo.

Pamenepa pali msampha waung'ono umene unabwera ndi kakuleta. Mwana akaona √80 amafulumira kudina n'kulemba 8.94, pa √20 n'kulemba 4.47. Akachulukitsa n'kugawa pawiri amapeza 19.98. Sanasochere kutali, koma wataya yankho loyera chifukwa chofulumira kudula manambala. Tidzawauza ana athu kuti asiye manambala pansi pa chizindikiro chawo mpaka kumapeto, chifukwa nthawi zambiri ofunsa mafunso amasankha manambala oti akakumana amayeretsana okha.

Nanga theka lija likuchokera kuti? Ili ndi funso limene mwana wa pabenchi yakumbuyo uja adzafunsa, ndipo yankho lake limafuna lumo ndi katoni yakale basi. Jambulani rhombus ina, yoima bwino, pa madontho awa: (0, 3), (4, 6), (8, 3) ndi (4, 0). Diagonal yogona ndi 8, yoimirira ndi 6. Izungulizeni ndi rekitango yokhudza nsonga zonse zinayi. Rekitangoyo ndi ya 8 mulitali ndi 6 mulifupi, kotero area yake ndi 48. Tsopano yang'anani bwino: ma diagonal agawa rhombus m'mathirayango anayi ofanana, ndipo kunja kwake, m'makona a rekitango, mwatsala mathirayango ena anayi. Dulani akunjawo n'kuwasanjika pa amkati. Akwanirana ndendende, popanda potsala. Mathirayango asanu ndi atatu ofanana, anayi mkati, anayi kunja, ndiye kuti rhombus yatenga theka la rekitango, 24. Palibe choloweza pamenepo. Kalasi ya ana 80 yopanda mabuku okwanira ingathe kuona zimenezi ndi katoni imodzi yokwezedwa m'mwamba.

Taonani chimene chachitika mosayembekezera. Thirayango iliyonse yamkati ili ndi mbali za 4 ndi 3, kotero mbali ya rhombus yachiwiriyi nayonso ndi 5. Tili ndi zojambula zitatu tsopano, zonse za mbali za 5, zonse zozungulira 20. Sikweya ili ndi area ya 25, rhombus yachiwiri 24, yoyamba ija 20. Tikapitiriza kuikankha, area idzachepa mpaka kutheratu, mbali zili 5 yemweyo.

Kwa mwana wa mlimi, iyi si nkhani ya papepala. Tiyerekeze kuti bokosi lililonse ndi mamita 10. Minda itatu, uliwonse mbali zake mamita 50, uliwonse wofuna mpanda wa mamita 200. Woyamba ndi masikweya mita 2,500, gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala. Wachiwiri ndi 2,400. Wachitatu ndi 2,000. Munthu wobwereka munda amene wangoyenda m'malire n'kuwerenga mapazi adzanena kuti minda itatuyi ndi yofanana, ndipo adzalipira mofanana. Koma pakati pa woyamba ndi wachitatu pali kusiyana kwa masikweya mita 500. Pa kabzalidwe ka chimanga kamene alangizi amalimbikitsa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, malo amenewo ndi mapesi oposa 2,600. Fetereza naye amagulidwa poyerekeza ndi kukula kwa munda. Wina angati minda yakwathu siikhala rhombus yeniyeni, imakhota potsata mtsinje, chulu ndi mtengo wa mango umene agogo anabzala. N'zoona. Koma mfundo yoti kutalika kwa malire sikuuza munthu kukula kwa munda imagwira pa munda wa maonekedwe alionse, ndipo rhombus ndi malo osavuta kuionerapo koyamba.

Amisiri omanga nyumba anaidziwa kale mfundo imeneyi, ngakhale amene sanalowepo m'kalasi ya Fomu 3. Pokhoma zikhomo za maziko, mmisiri wabwino sakhutira ndi kuyeza makoma okha. Amakoka chingwe kuchoka pakona ina kupita pakona yoyang'anizana nayo, n'kukokanso mbali inayo, ndipo zingwe ziwirizo zikasiyana amadziwa kuti chipinda chapendekeka. Chipinda cha makoma anayi ofanana koma ma diagonal osiyana ndi rhombus, ndipo mwini nyumba adzazindikira tsiku loika malata kapena matailosi. Pokonza kona, mmisiri yemweyo amayeza 3 mbali ina, 4 mbali inayo, n'kusuntha chikhomo mpaka pakati papezeke 5. Ndi thirayango yomwe ija ya AB. Anthu a ku Babulo ankadziwa manambala oterewa zaka zoposa 1,000 Pythagoras asanabadwe, monga phale ladongo lotchedwa Plimpton 322 limasonyezera. Mwana amene bambo ake kapena malume ake ndi mmisiri ali ndi mphunzitsi wachiwiri kunyumba, ndipo ndi ntchito yathu kumuuza zimenezo.

Tibwerere ku A, B, C ndi D, chifukwa ma diagonal ali ndi zina zotiuza. Choyamba, amadulana pakatikati. Pakatikati pa mzere timapapeza pophatikiza manambala a x n'kugawa pawiri, chimodzimodzinso a y. Pa AC: 1 ndi 9 ndi 10, theka lake 5, 1 ndi 5 ndi 6, theka lake 3. Dontho lake ndi (5, 3). Pa BD: 4 ndi 6 ndi 10, theka 5; 5 ndi 1 ndi 6, theka 3. Dontho lomwelo. Chachiwiri, amakumana pa madigiri 90. Izi timaziona ndi gradient, kutanthauza kutsetsereka kwa mzere: masitepe okwera kugawa ndi masitepe ogona. AC yakwera 4 pa masitepe 8, gradient yake ndi ½. BD yatsika 4 pa masitepe 2, gradient yake ndi −2. Tikachulukitsa ½ ndi −2 tikupeza −1, ndipo mizere iwiri ikapereka −1 motere ndiye kuti yakumana pa ngodya ya madigiri 90. Lamuloli lili ndi pamene silifika: mzere woimirira ulibe gradient yoti n'kuilemba, poti sitigawa ndi 0, choncho pa rhombus yachiwiri ija sitingaligwiritse ntchito. Koma pamenepo palibenso chovuta, mzere wogona ndi woimirira aliyense akuona mmene yakumanirana.

Zizindikiro ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi, ndipo apa ndi pamene ana okhoza bwino amaterereka. Amapeza −1, n'kulemba mokondwa kuti ndi rhombus. Tengani rhombus yachiwiri ija, musunthe dontho la (8, 3) lipite pa (10, 3). Ma diagonal akukumanabe pa madigiri 90. Koma mbali ziwiri zakumanzere ndi 5, pamene zakumanja ndi √45, poti 36 ndi 9 ndi 45. Pakatikati pa diagonal yogona tsopano ndi (5, 3), pamene pa yoimirira ndi (4, 3). Chojambula chimenechi ndi kite, chofanana ndi choulutsa cha ana chija cha pulasitiki ndi timitengo. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la area silinasinthe: theka la 10 × 6 ndi 30, ndipo n'zolondola, chifukwa rekitango yozungulira ija ikugawikabe pawiri. Lamulo la theka limangofuna ngodya ya madigiri 90, silifunsa ngati mbali zili zofanana. Choncho wofuna kutsimikizira rhombus asonyeze mbali zinayi zofanana, kapena asonyeze zonse ziwiri, kudulana pakatikati ndi kukumana pa madigiri 90.

Kudziwa za pakatikati kumatsegulanso funso lina lodziwika bwino, limene amapereka madontho atatu n'kufunsa lachinayi. Tiyerekeze kuti tapatsidwa A, B ndi C okha. Pakatikati pa AC ndi (5, 3), ndipo D ayenera kukhala tsidya lina la dontho limeneli moyang'anizana ndi B, pamtunda wofanana. Kuchoka pa B (4, 5) kufika pa (5, 3) tayenda 1 kumanja n'kutsika 2. Tibwerezenso ulendo womwewo, tifika pa (6, 1). Ndi D wathu uja. Chofunika kusamala ndi dongosolo la zilembo. Dzina loti ABCD limatanthauza kuyenda mozungulira, kotero A amayang'anizana ndi C, B ndi D. Mwana amene sanajambule kanthu amatha kutenga AB ngati diagonal, n'kuchita masamu onse molondola pa mizere yolakwika. Chojambula chachangu cha m'mphepete mwa pepala, ngakhale chokhota, chimateteza zimenezi, ndipo sichitenga mphindi imodzi.

Pali chinthu china chimene sichifunsidwa kawirikawiri koma timachikonda. Pa rhombus yoyamba, 80 kuphatikiza 20 ndi 100. Pa yachiwiri, 64 kuphatikiza 36 ndi 100. Pa sikweya ya mbali za 5, diagonal iliyonse ndi √50, ndipo 50 ndi 50 ndi 100. Nthawi zonse tikachulukitsa diagonal iliyonse ndi iyo yomwe n'kuphatikiza, timapeza kanayi ka mbali yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, 4 × 25. Chifukwa chake ndi Pythagoras yemwe uja pa kathirayango kamodzi kamkati, kamene mbali zake ndi theka la diagonal ina, theka la inzake, ndi mbali ya rhombus. Tanthauzo lake n'lakuti diagonal ina ikafupika, inzake iyenera kutalika.

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa M1 kudikira kuti asinthe tayala anaona lamulo limeneli likugwira ntchito. Jeki ya magalimoto ang'onoang'ono, ija yopindika ngati sizasi, ndi rhombus yazitsulo, ndipo chitsulo chamazinga chimene amapukusa chili pa diagonal yogona. Tiyerekeze kuti mikono yake ndi masentimita 25, kotero 4 × 625 ndi 2,500. Diagonal yogona ikakhala 48, yoimirira ndi 14, poti 2,304 ndi 196 ndi 2,500. Mukapukusa mpaka yogona ifike 40, yoimirira yafika 30. Yogona ikafika 30, yoimirira ndi 40, ndipo ikafika 14, yoimirira ndi 48. Onani mmene zikuyendera: masentimita 8 oyamba akweza galimoto masentimita 16, koma 16 omaliza angoikweza 8. Jeki ikakhala pansi imakwera msanga koma imalimba kupukusa, ikakwera imafewa koma imachedwa. Kondakitala amene amadandaula kuti poyambira ndi powawa akunena zoona, ndipo manambala akumuvomereza.

Zitsanzo zathu mpaka pano zatichitira chifundo, chifukwa mbali kapena ma diagonal zinali zogona bwino. Mayeso sakhala achifundo chotero nthawi zonse. Tengani P (−2, −2), Q (0, 2), R (4, 4) ndi S (2, 0). Palibe mzere wogona kapena woimirira ngakhale umodzi. PQ ndi masitepe 2 ndi 4, ndiye √20. QR ndi 4 ndi 2, √20 yemweyo, ndipo ziwiri zotsalazo n'chimodzimodzi. Msinkhu wake sungawerengedwe ndi maso, choncho njira ya tsinde ndi msinkhu yatsekeka. Ma diagonal ndiwo atsala. Pa PR, 4 − (−2) ndi 6, mbali zonse ziwiri, kotero 36 ndi 36 ndi 72, PR ndi √72. Pamenepa ndi pamene malikisi ambiri amathera, chifukwa mwana wotopa amalemba 4 − 2 n'kupeza 2. Mankhwala ake ndi kumuuza aloze chala pa −2 n'kuwerenga masitepe mpaka pa 4: awiri kufika pa 0, anayi kupitirira. QS ndi masitepe 2 ndi 2, ndiye √8. 72 × 8 ndi 576, square root yake ndi 24, theka lake 12. Ndipo tsopano msinkhu wobisika uja tingaupeze chobwerera: 12 kugawa ndi √20, pafupifupi 2.68.

Mwina wina afunsa ngati sikweya ndi rhombus. Masiku ano timati inde, chifukwa mbali zake zinayi n'zofanana, ndipo malamulo onse tatchulawa amagwira pa iyo. Euclid m'buku loyamba la Elements anaisiyanitsa, kwa iye rhombus inali ya mbali zofanana koma yopanda ngodya za madigiri 90. Ana amasokonezeka ndi zimenezi, ndipo sitiwaimba mlandu. Timaona kuti n'kothandiza kuwauza kuti mbuzi iliyonse ndi chiweto koma si chiweto chilichonse chimene chili mbuzi, kenako n'kuwapatsa ntchito yoyeza ma diagonal: akafanana, rhombus imeneyo ndi sikweya.

Nkhani ya chilankhulo nayo imatikhudza. Ku sekondale masamu amaphunzitsidwa m'Chingerezi ndipo MANEB imafunsa m'Chingerezi, kotero mawu ngati diagonal, gradient ndi midpoint ana ayenera kuwadziwa monga alili. Sitikutsutsa zimenezo. Koma taona tokha polemba nkhani ino kuti kufotokoza m'Chichewa kumakakamiza munthu kudziwa chimene akunena. M'Chingerezi n'zotheka kubisala kumbuyo kwa mawu akuluakulu, kuwatchula bwinobwino osadziwa chimene chili mkati mwake. Ukafuna kuuza agogo chimene gradient ili, uyenera kunena za chitunda, za njinga yonyamula makala, za masitepe okwera ndi ogona, ndipo ukalephera ndiye kuti sunamvetse. Tikuganiza kuti mphindi zisanu za Chichewa pakati pa phunziro la mphindi 40 sizilanda mwana Chingerezi chake.

Kwa amene akufunabe kudziwa za minda yokhotakhota ija, njira ya manambala ili ndi yankho limene limaposa rhombus. Oyeza malo akakhala ndi manambala a makona onse a munda, amawalemba motsatana mozungulira, n'kuchulukitsa mopingasa ngati womanga zingwe za nsapato. Tiyese pa A, B, C, D. Tichulukitse x wa dontho lililonse ndi y wa dontho lotsatira: 1 × 5, 4 × 5, 9 × 1, 6 × 1, pamodzi 40. Kenako y wa dontho lililonse ndi x wa lotsatira: 1 × 4, 5 × 9, 5 × 6, 1 × 1, pamodzi 80. Kusiyana kwake ndi 40, theka lake 20, yankho lomwe lija kachitatu. Njira imeneyi, imene ambiri amaitcha ndi dzina la Carl Friedrich Gauss, imagwira pa munda wa makona asanu, khumi kapena makumi awiri, bola malire ake akhale mizere yoongoka yosadutsana. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti mabanja azilembetsa malo awo, ndipo kulembetsa kumafuna malire oyezedwa ndi kukula kodziwika. Ena mwa ana amene tidzawaphunzitse adzakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi a mfumu ndi oyeza malo, pepala la manambala likuyenda m'manja, ndipo pabanja lonse iwo ndi amene adzafunsidwe ngati manambalawo akugwirizana ndi munda umene makolo awo amalima.

Anzathu a chaka chathu amene akukonza mapulani a maphunziro angayese madontho awa pa kalasi yawo yoyamba: (0, 0), (5, 12), (18, 12) ndi (13, 0). Mbali iliyonse ndi 13, ma diagonal ndi √468 ndi √208, ndipo njira zonse zitatu zikupereka 156. Ana ena adzalemba 169. Musafufute msanga, muwapatse pepala la timabokosi awerenge okha.